Dzina Lanu pa Kachitsulo

Zolozolo, Mzuzu

Amayi anga,

Kaya mukukhala bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwanyanya. Kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, ndi komwe kunakutengani. M'mawa nkhungu imafika mpaka pakhomo, ndipo zovala zimatha masiku atatu pachingwe osauma.

Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Kalatayi sanandilembere munthu. Ndine ndemwe Rozina wanu, ndagwira pensulo ndi dzanja langali, ndipo lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chiiyambireni. Ndimalemba pang'ono masana mwana akagona, chala chikayamba kupweteka ndimasiya. Pomwe mukuona pakuda ndi pomwe ndafufuta ndi malovu.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Tiyanjane, amene munkamuluka tsitsi ndi ulusi uja, ali Sitandade 4 ndipo watalika kufika paphewa panga. Khanda lija munabwera kudzalisambitsa, Dalitso, layamba kugweluka mano. Pambuyo pake tinalandira mtsikana wina, tinamutcha Elina, dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanunso, akakana phala wakana basi. Mkamwini wanu akadali ku Chikangawa kocheka matabwa, amabwera kamodzi pamwezi akununkhira paini thupi lonse. Kamunda kathu kakudambo katipatsa chimanga chotifikitsa mwina Disembala, koma nyemba zinaolera m'munda ndi mvula. Kumsika ndimapitabe ndi masamba, khadi la chipani nditamangirira pamfundo ya chitenje kuti achinyamata apachipata asandibweze. Zina za m'tauni muno ndazisiya dala, papepala sitilemba zonse.

Tsopano pali nkhani imene ndakhala nayo pamtima. Ndiyenera kukuuzani ndekha, chifukwa mwini wake ndinu.

Mukudziwa kuti sitinathe kukutengerani kwathu ku Ntchisi. Mvula inali itadula msewu, achimwene a Layisoni anali ku Joni, ndiye ampingo anati tikuikeni konkuno kumanda a ku Zolozolo. Abambo ampingo anazika kachitsulo kolembedwa dzina lanu ndi penti yoyera, koma kwa ine zilembo zinali ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Chimene ndinasunga m'mutu ndi mtengo wa bulugamu: kuchoka pamtengo, manda achitatu. Inu munkakonda kunena kuti, "Rozina, ukaika chinthu uziyang'ana kawiri, mutu wakowo ndi wothamanga." Tsiku limenelo maso anga anali otupa, ndinayang'ana kamodzi.

Manda a m'tauni sali ngati akwathu kumene aliyense amadziwa pogona agogo ake. Kuno amangondandalika m'mizere, Mtumbuka, Mchewa, Mtonga, wina pambali pa mnzake, ndipo sabata siitha osakumba. Komanso sungangolowamo wekha ngati ukupita kumunda. Timadikira maliro, kapena tsiku lolambula limene mpingo umalengeza kawiri pachaka. Nditabwererako koyamba ndinapeza mitengo ataidula, patsala zitsa ziwiri. Ndinasankha chitsa chimodzi, ndinawerenga manda atatu, n'kugwada. Pamenepo ndi pomwe ndakhala ndikulambula zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinadzalapo maluwa, ndinalirapo, ndipo za kubadwa kwa Elina ndinazinenera pomwepo.

Chaka chatha, tsiku lolambula, ndikudzuka ndi khasu langa, ndinapeza bambo wina wachikulire ataima kumbuyo kwanga, chipewa chili m'manja. Anandiyang'ana, anayang'ana maluwa aja, kenako anandithokoza ndi kundidalitsa m'Chitumbuka, anati, "Yewo chomene, mama. Chiuta wamutumbikani." Ine ndinangoti yewo, n'kuchokapo. Koma panjira ndinayamba kudzifunsa. Munthu wosamudziwa angandithokoze bwanji polambula manda a mayi anga?

Mwezi womwewo inabwera kalata ya achimwene a Layisoni, anandiwerengera Tiyanjane. Achimwenewo anabwerako ku Joni, akulima fodya kumudzi. Anati chaka chino akagulitsa fodya abwera ndi simenti adzamange chiliza pamanda panu, ndipo anatsiriza ndi mawu akuti, "Rozina, udzatilozera ndiwe, poti ukupadziwa ndiwe wekha." Amayi, mtima unandiphulika. Ndikanaloza polakwika, dzina lanu likanakhala pamafupa a eni mpaka kalekale, inu n'kutsala patchire.

Mwina muti bwanji sunafunse wina akuwerengere. Ndikanafunsa ndani? Tiyanjane amawerenga, koma ana salowa kumanda. Mkamwini wanu ndi munthu wabwino, koma pakamwa pake sipakhala chinthu, nkhani ikanafika ku Ntchisi ine ndisanamalize kuinena. Amayi ampingo nawo akhala akundiona zaka zonsezi ndikusisima pamalo aja. Ndikawauze kuti mwana wamkazi wataya manda a mayi ake omubala? Manyazi anandiletsa kufunsa.

Ndiye Lamulungu lina analengeza kutchalitchi kuti kwayamba sukulu ya kwacha, yaulere, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu 2 koloko, m'kalasi ya kupulayimale ana akaweruka. Mukukumbuka kuti ine sukulu ndinangoilawa miyezi itatu. Abambo atamwalira munanditulutsa kuti ndizilera mng'ono wanga inu muli kumunda, ndipo nditalira munati, "Dzina lako ukulidziwa kale, ukufunanso chiyani kumeneko?" Sindikukuimbani mlandu. Kale zinkandiwawa, pano ndili ndi ana atatu ndikumvetsa, ngakhale Tiyanjane yekha sindidzamutulutsa, zivute zitani.

Tsiku loyamba ndinapita ngati ndikukaba, Elina ali kumsana, ndikuzungulira kuseri kwa chigayo kuti anzanga akumsika asandione. Ndikulowa m'kalasimo, ha! Awiri a iwo ali kale pabenchi, nawonso anazungulira njira yawo. Tinaseka mpaka misozi. Mabenchi ake ndi a ana, ukakhala mawondo amafika pachibwano. Abambo analipo atatu okha, ankakhala kumbuyo kwenikweni ndipo ankati angobwera kudzaona.

Aphunzitsi athu ndi a NyaMhango, mayi wamasiye wa mumpingo mwathu momwemo, wamawu otsika koma wosalola chibwana. Amaphunzitsa m'Chichewa, ndiye anzanga Achitumbuka ankandinena kuti, "Imwe a NaPhiri muli na mwawi chomene, buku likuyankhula chakwanu." Mwayi wake uti? Lilime linkadziwa, dzanja linkakana. Dzanja lozolowera khasu likagwira choko limafinya ngati likupha nsabwe, ndinathyola choko katatu tsiku limodzi. Tiyanjane akandipeza ndikulemba a, e, i pansi ndi kamtengo ankabisa kumaso kuti asaseke, ine n'kumuuza kuti seka bwino, ndikupeza.

Titafika polemba mayina, a NyaMhango ankazungulira kulembera aliyense lake pasileti. Atafika pa ine ndinati, "Mundilembere Elina Phiri, m'zilembo zikuluzikulu."

"Si dzina lanu limenelo. Bwanji osayamba lanu?"

"Langa ndikulidziwa kale," ndinatero. Mawu anu omwe aja anangotuluka okha. Anandiyang'ana pang'ono, sanafunsenso, analemba.

Patatha miyezi iwiri kunagwa maliro a mnansi wathu. Ndinapita nditabisa kapepala ka dzina lanu m'chitenje, ndikuganiza kuti ndikangofananiza. Sizinatheke. Wolemba aliyense ali ndi dzanja lake, penti ina inasuluka, dzimbiri linadya zilembo, ndipo anthu anali ponseponse akuimba. Ndinabwerera ndili wokwiya, sabata yonse sindinapite kusukulu. A NyaMhango anabwera okha kunyumba, anakhala pakhonde, anati, "Mama, kufananiza si kuwerenga. Bwerani Lolemba." Sanadziwe chomwe ndinkafananiza, koma ananena zoona.

Sizinayende mosalala ayi. Elina anadwala chikuku, ndinajomba sabata zitatu. Kenako amayi tonse anatiitana kokonzekera magule a chipani, ndipo kumeneko sukana, kalasi inatsekedwa mwezi wathunthu. Mkamwini wanu naye anadandaulapo kuti akabwera amapeza ndiwo zisanapse chifukwa cha sukulu ya nkhalamba. Ndinamuyankha kuti mbaula ili apo, manja ali nawo. Anakwiya tsiku limodzi, ulendo wotsatira anandibweretsera kope ndi mapensulo awiri. Ine ndinkawerenga chilichonse chimene chandidutsa pamaso, thumba la feteleza, chikwangwani cha basi, paketi ya machesi.

Tsiku lolambula linafika Loweruka, sabata ziwiri zapitazo, kukuwaza kamvula kaja kosatha. Ndinapita molunjika pamalo anga a masiku onse. Ndinagwada, ndinapukuta kachitsulo ndi nsonga ya chitenje, ndinayamba chilembo chimodzichimodzi monga anatiphunzitsira. Je-na-la. Jenala Mkandawire. Ndinabwereza kawiri, mwina maso akundinamiza. Sanali inu, Amayi.

Ndinakhala pansi pamatope. Kenako ndinadzuka, ndinapita pachitsa chinacho, ndinayamba kuwerenga mzere wonse. Woyamba anali mwamuna. Wachiwiri anali mwana. Pachitatu panalibe kachitsulo, panali tchire lofika m'chiuno, chisoso ndi nsenjere, mtumbira utatitimira pakati. Ndinapapasa m'udzumo ndi manja mpaka ndinakakhudza, katagwa chafufumimba. Nditakatembenuza, zilembo zina zinali zitadyeka, koma zotsalazo zinandikwanira. Elina Phiri. Munsi mwake munalembedwa kuti wa ku Ntchisi. Kuchoka pomwe ndinkalambula kufika pomwe munagona ndi mapazi khumi okha. Zaka zonsezi ndinkakufulatirani.

Ndinalira, Amayi, kuposa tsiku la maliro anu. Ndinamva munthu akuima pambali panga, anali a NyaMhango ndi khasu lawo. Anawerenga kachitsulo kali m'manja mwanga, anayang'ana kumaluwa kuja, anati, "Ndiye chifukwa chake?" Ndinati eya. Anamanga chitenje m'chiuno, anati, "Tiyeni tilime, mvula ingakule." Mpaka lero sanauze munthu.

Ndikhululukireni. Nkhani zonse zimene ndinkanena kwa a Jenala zinali zanu, n'chifukwa chake ndazibwereza m'kalata muno kuti muzimve bwino. Maluwa aja sindinawazule. Ndinangothyola nthambi zingapo n'kudzala panu. Mayi aja andisungira zinsinsi zambiri, ndipo bambo wachikulire uja, amene ndikuganiza kuti ndi amuna awo, msana wake sungathenso khasu, ndiye ndizilambula ponse pawiri.

Achimwene a Layisoni afika mwezi wamawa. Kalata yawo yomaliza ndinawerenga ndekha, Tiyanjane atangokhala pambali. Akuti apeze munthu wodziwa kulemba kuti adzalembe pachiliza. Ndawayankha kuti asavutike, munthuyo alipo kale kuno. Msomali ndasunga, ndipo tsiku lililonse ndikuyeserera kuseri kwa nyumba pa dothi lonyowa. Simenti ikadzakhala yaiwisi ndidzagwada ndi kulemba dzina lanu ndi dzanja langa, mozama, kuti mvula ya Mzuzu isadzalifufute. Likadzakhota pang'ono musadzadandaule, mudzadziwa kuti walemba ndi mwana wanu. Ndipo ndisananyamuke ndidzayang'ana kawiri.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo sindidzakutayaninso.

Ndine mwana wanu,
Rozina