Ameni wa M'chimanga

Achimwene,

Kuno ku Kanakantapa tili bwino, amayi akulimba mtima. Ndikudziwa nkhawa yanu: kodi mpingo unawaika atate, poti analowa Nyau ali mnyamata? Unawaika, koma tamverani.

Tili kumanda, chilombo cha nkhope yakuda chinaima m'chimanga. Paja Nyau zimabwera kudzaperekeza munthu wawo. Kwaya inaleka kuyimba. Abusa anatseka Baibulo nafunsa, "Amayi, nitsirize ine kapena awo?"

"Tsirizani, abusa. Amuna anga anali anu."

Pemphero litatha, Ameni woyamba anachokera kwa chilombo chija. Mawu akewo timawamva Sande iliyonse akuwerenga zolengeza m'tchalitchi.

Mukabwera, mudzakhale kutsogolo m'tchalitchimo, mudzamvetsere nokha musanawaweruze atate. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tisauke