Tsitsi la Taonga Wakonza Wina

Lachisanu, mwezi wa Juni. Lero mtima wandiwawa.

Mawa mwana wanga Taonga akukwatiwa. Kuyambira ali wamng'ono ndinkamulonjeza kuti tsitsi lake la ukwati ndidzalikonza ndekha. Koma adokotala anandiletsa ntchito ya mu saluni, akuti mankhwala owongolera tsitsi ndi amene akundidwalitsa mphumu.

Ndinapitabe ku saluni yathu ku Kabwata. Nditangotsegula botolo la mankhwala aja, chifuwa chinandithina, mpweya n'kumalira ngati mluzu. Taonga anandilanda chipeso.

"Ba Mami, tulukani. Mawa nifuna imwe, osati tsitsi."

Ndinakhala panja pa benchi, kapampu ka mphumu kali m'manja, n'kumaonera pawindo mnzanga Mutinta akumukonza. Wamukonza bwino, sindinganame. Kungoti tsitsi la kutsogolo lija, ndikanakhala ine...