Chiwindi cha a Goliati

Lolemba, 4 Ogasiti 1952

Mzungu wotiphunzitsa za ng'ombe kuno ku boma watitumbulira chiwindi chodwala. Atafinya, munatuluka nyongolotsi zaphanthiphanthi ngati masamba a bonongwe, zikudzipinda. Imodzi anaiika pa galasi lokuza zinthu kuti tisuzumire. Mukati muli timitsempha totayira madzi oipa, mkodzo wake titero. Kumbuyo kotulutsira chimbudzi ilibe. Zotsala m'mimba imalavula pakamwa pomwe yadyerapo, m'chiwindi momwemo.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Sindinadye. Ngakhale tsamba logwera m'ndowa likundichititsa nseru.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Lufina, bwenzi langa, ndakumana naye pamsika. Akuti bambo ake, a Goliati, apha ng'ombe Loweruka ku Kandeu, akufuna andione asanayankhe ankhoswe anga. Mlendo wolemekezeka amampatsa chiwindi, chongowaula pang'ono. "Mukakana, a Maynard, basi mwandikana ine. Bambo amati anthu a sukulu mumanyansidwa nafe."

Ndafunsa kumene ng'ombeyo imadya. Akuti m'madambo a ku Bwanje. Mayo ine! Chiwindi cha Lolemba chija chinachokera komweko.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndaganiza zonamizira mano. Bodza lopusa, chiwindi chimafuna mano ngati?

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndalemba nditatsuka m'kamwa mpaka nkhama kuwawa.

Tinakhala kuseri kwa khola, amuna okhaokha. A Goliati sanandiyang'ane n'komwe, ankangonola mpeni. Podula chiwindi ndinaziona nyongolotsi zija, ziwiri, zikutuluka m'mtsempha. Iwo anangozipala ndi chala, kupukutira pa mwendo, nyama n'kuponya pa makala. Kutembenuza kamodzi, basi. Magazi akuchuchabe, anandipatsa pansonga ya mpeni.

Lufina anaima patali ndi mtsuko pamutu, osapita kumadzi, osabwerera.

Ndinalandira ndi manja awiri. Chofunda, choterera, chowawa ndulu. Dzino linagunda kanthu kolimba, sindikufuna kudziwa. Chinakwera kukhosi, ndinachibweza. Misozi ndinanamizira utsi.

A Goliati anandiyang'ana koyamba, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Uyu ndi wathu uyu! Kauzeni ankhoswe abwere." Lufina anatembenuka n'kuthamangira kwa amayi ake, mtsuko uli m'manja.

Ndisanapume n'komwe, mkuluyo anali akudula china, chachikulu kuposa choyamba.

"Onjezani, mwana wanga. Ndaona mwachikonda."

Ndinatambasula manja.