Nyumba Yanu Yalowa M'dirowa

Amayi, kaya kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Mkhumba tilipo. Achemwali abereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu, kaukali komwe. Nandolo wachita bwino, koma chinangwa atithandiza kukolola ndi mbuzi za aneba.

Ntchito ija ndikugwirabe m'tauni, kulikulu la bungwe la akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Ndi chinyumba chakale cha njerwa zofiira, khonde kuzungulira, pansi pa matabwa olira ukaponda. Ine ndimapukuta fumbi mulaibulale. M'madirowa aatali mwagona mapulani a matchalitchi, masitolo ndi nyumba za m'minda ya tiyi, zina zinagwa kalekale. Masana kukati zii ndimavundukula pepala limodzi n'kumayendamo ndi chala: kulowa pakhomo, kukhota, kusuzumira pazenera. Mwina ndimamva ngati wina akusesa kuchipinda.

Nkhani ndi iyi, Amayi. Amalume anati mwambo ndi mwambo, mwini akapita nyumba yake igwe. Ndinakana, ndinalira, koma munkanena nokha kuti "mutu umodzi susenza denga." Ndinangopempha masiku awiri.

Ndinabwera ndi tepi yoyezera ya kuntchito, koma sinatuluke m'chikwama. Ndinayeza ndi mapazi, monga munachitira inu chaka chija madzi a m'phiri atatikokolera nyumba yoyamba. Papepala, khomo ndinalijambula lofulatira phiri, poti munkati, "Mphepo ya ku Mulanje siodira, imangolowa." Ndinaikamonso pokhala mtsuko, ndi kauna ka pakhoma komwe munkabisamo fodya wanu wa m'mphuno. Mumayesa sitinkadziwa?

Loweruka lake anaigwetsa. Sindinayang'ane, ndinangomva denga likukhala pansi. Zinandipweteka kuposa tsiku la maliro.

Pepalalo ndinakawaonetsa mkulu wa laibulale, ndikuopa kuti andiseka, poti makoma ake ndi okhota ngati mizere ya m'munda mwathu. Analiyang'ana nthawi yaitali osaseka. Kenako anandiuza kuti pulani yopanda dzina la katswiri silowa m'dirowa, n'kundipatsa cholembera.

Ndinalemba lanu, Amayi, inu amene munkasaina ndi chala. Tsopano nyumba yanu ili m'dirowa, pakati pa tchalitchi ndi banki, ndipo kumeneko amalume safikako.

Chilimwe chikubwerachi ndiumba njerwa, ndiimanganso pambali pa bwinjalo. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Esinala