Matabwa a Galimoto ya Bambo Apulumuka

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kwa Katunga tilipo, mayi chifuwa chija chatha.

Imvani zokoma: galimoto ya malemu bambo yayambanso kulira! Koma dzulo ndinapeza alamu athu akalipentala, amuna a Rozina, akuyamba kupala matabwa a m'mbali aja ndi sandipepa, ati apake vanishi chiswe chisanalowe. Ndinawagwira mkono.

"Alamu, ili ndi pepala lomata pachitsulo, anangolijambula ngati mbawa."

Amvekere, "Mwayamba za ku yunivesite zosamaliza zija."

Ndinati theka la sukuluyo likukwanira kusiyanitsa pepala ndi thabwa. Mwamwayi anali atangokanda pochepa ngati chikhadabo.

Galimotoyo ndaimangira chisakasa kuti dzuwa lathuli lisamatule pepalalo. Nditumizireni polishi wofewa. Mulungu akusungeni, mudzaione mizere ya mbawa ija ili monga bambo anaisiyira.

Ine mng'ono wanu,
Zuze