Ng'anjo Ikazima, Mwana Agona Bwanji?

Okondedwa Bambo,

Ndikupatsani moni ndi ulemu wonse. Kodi muli bwanji kumeneko, nanga msana uja wakusiyani? Amayi ali bwanji? Kuno tadzuka, ndipo mdzukulu wanu akuyamwa bwino ngakhale anafulumira kubwera masiku asanakwane. Ndi kochepa kwambiri, chipewa chake chimakwana pa chibakera changa.

Bambo, mutu wanga waima, n'chifukwa chake ndalemba.

Munafunsa kuti timaotha chiyani m'dziko lozizira chonchi. Sitiotha moto ayi. Kufakitale kumene ndimagwira ntchito timasungunula zitsulo, ndipo madzi oziziritsa ng'anjo amatuluka akutentha. Kale ankangowataya, nthunzi n'kumapita m'mwamba. Tsopano amawayendetsa m'mapaipi pansi pa msewu mpaka m'nyumba zathu. M'chipinda mwathu muli chitsulo chonga nthiti pakhoma, madziwo akadutsamo chipinda chonse chimafunda. Apongozi anu, mayi a mwanayu, amayanikapo matewera. Poyamba zinkandiseketsa kuti moto womwe umandiwaula masana ndi umene umandifunditsa kunyumba. Telala wa khomo loyandikana nafe amanditcha mwini moto, ndipo ndikachedwa kudzuka amagogoda, ati ndifulumire zala zake zauma.

Tsopano imvani vuto. Mnzanga Wamtali, uja anandipezera ntchito n'kundisunga m'chipinda mwake nditangofika, wapsa mkono. Magolovesi athu anang'ambika kalekale, tinadandaula mpaka pakamwa kuuma, mabwana amangoti akubwera. Chitsulo chosungunuka chinamudonthera ine ndili pambali pake. Adokotala akuti zala ziwiri sizidzapindikanso. Anzanga akwiya, ndipo agwirizana kuti Loweruka tikumane, tikweze manja ngati tikufuna kunyanyala ntchito.

Koma tikanyanyala, ng'anjo izima. Ng'anjo ikazima, mapaipi azizira, ndipo kunja kuno madzi akuuma ngati mwala. Anamwino anatichenjeza kuti mwana wobadwa chonchi asamve mphepo ngakhale pang'ono.

Ndafunsa uku ndi uku, ndipo aliyense akunena zake. Kapitawo wathu akuti kuli makina ena otenthetsera madzi ng'anjo ikazima, koma palibe amene anawaonapo akuyaka. Woyang'anira nyumba akuti tisayerekeze kugula mahita amagetsi, mawaya ndi akale, tikayatsa tonse magetsi athima. Mtsogoleri wa ogwira ntchito akuti mabwana agonja msanga chifukwa msewu wonse udzawakalipira, kutanthauza kuti kuzizidwa kwa mwana wanga ndiye chida chathu. Telala uja wasiya nthabwala, tikakumana pamasitepe amangondiyang'ana m'manja.

Ndinapita kukamuona Wamtali kuchipatala ndili ndi maganizo akuti andiuze chochita. Iye anangofunsa ngati mwana akunenepa. Ndinatuluka ndili ndi manyazi. Ndikudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, pakuti magolovesi angawa nawonso zala zimatulukira. Apongozi anu akuti ndikakweza dzanja, iwo amuika mwana pachifuwa n'kufunda mabulangete onse. Akutinso ndikapanda kukweza, ndizipita ndekha kukapereka moni kwa mkazi wa Wamtali, iwo manyazi sangawalole. Ndiye akufuna chiti? Nditawafunsa anati iwonso sakudziwa, n'kuyamba kulira.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi anandiuzapo kuti chaka chimene ndinabadwa munanyanyala ntchito kumalo ochekera matabwa aja, macheka atadula dzanja la mnzanu, ndipo anakuchotsani ntchito. Anati chaka chimenecho mkaka unawathera m'mawere, ine ndinatsala pang'ono kupita. Inu nkhaniyi simunaitchulepo, inenso sindinalimbe mtima kukufunsani. Chonde bwerekani foni ya alamu mundiimbire Loweruka lisanafike. Musandiuze kuti ndipemphere, ndikupemphera kale. Mundiuze chabe ngati mukanachitanso zomwezo mukanadziwa mmene ndinadwalira.

Mundiperekere moni kwa Amayi, koma za kuzizira musawauze. Moni kwa achemwali ndi alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi ana onse. Apongozi anu akupereka moni wambiri. Mdzukulu wanu wagona pafupi ndi chitsulo chija, ndangochigwira kumene, chikadali chotentha.

Tsalani bwino, ndikudikira mawu anu.

Ine mwana wanu,
Mzime