Masamba mu Pulagi ya Akiseleleta

Mchinji Boda,
9 Malichi 2024.

Okondedwa achimwene a Macdonald,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ndolako. Kalatayi ndapatsira a Kenny, dalaivala wa thiraki ya feteleza, chifukwa zina zimene zili muno zikundikanika kuzitchula pafoni.

Galimoto yanu yachira. Paja ndinakuuzani kuti inayamba kufooka: ndikaponda akiseleleta, injini inkangolira pansipansi ngati sinandimve, getsi lachikasu n'kuyaka pa dashibodi. Galimoto yomwe inkakwera zitunda za ku Mavwere itasenza matumba a mtedza inafika pomapitiriridwa ndi akabaza. Ine, mwa udokotala wanga wa pansi pa mtengo, ndinasintha sefa ya dizilo, koma sizinaphule kanthu.

Lachiwiri ndinapita nayo kwa a Esnart, mayi amene ali ndi galaja pafupi ndi boda. Analumikiza kakompyuta kawo pansi pa chiwongolero n'kundiuza kuti injini ilibe mlandu. Akuti galimoto za masiku ano zilibe kebulo yochoka kuphazi kukafika ku injini. Pa akiseleleta pali kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamatumiza uthenga pa mawaya awiri, ndipo mauthengawo akasemphana, galimoto imadzichepetsera yokha mphamvu poopa ngozi. Anati ndiponde pang'onopang'ono iwo akuyang'ana manambala. Nambala imodzi inkakwera bwinobwino, inzake inkangodumphadumpha.

Sanathamangire kundigulitsa sensa yatsopano. Anagwada n'kuzula pulagi yake. M'katimo munali chinyezi, dzimbiri lobiriwira ndi tizidutswa ta masamba. Ananunkhiza, kenaka anandiyang'ana.

"A Jailosi, munanyamula maliro?"

Ndinati mwina ndi mvula.

"Mvula simagwa ndi masamba osinja," anatero. "Iyi ndi yachitatu chaka chino. Kumudzi amatsuka galimoto ngati ngolo."

Ndiye achimwene, nazi zomwe ndakhala ndikubisa. Pondisiyira makiyi munandipatsa malamulo awiri: galimoto isanyamule maliro, ndipo dzina la alamu anga a Stelia, amene munasiyana nawo, lisamveke m'khutu mwanu. Ndaphwanya onse awiri pa ulendo umodzi. A Stelia anatisiya pa 17 Febuluwale atagona m'chipatala mwezi wathunthu. Mvula inali itawononga msewu wa kwawo, malole awiri anakana, ndipo mwana wanu Linda anadzaima pakhomo panga. Ndinatenga makiyi. Matope anali ofika m'maondo, koma galimoto yanu sinatichititse manyazi.

Titaika maliro, akuluakulu anati galimoto isachoke isanasambitsidwe, kuopa kuti imfa inganditsatire. Anakhuthula ndowa za madzi a mankhwala kumbuyo ndi kutsogolo komwe, mpaka popondera mapazi anga. Ndikanawaletsa bwanji anthu ofedwa? Madziwo ndiwo analowa mu pulagi muja. A Esnart anaiumitsa, anapala dzimbiri, n'kupaka mafuta otchinga madzi. Manambala aja tsopano akukwera limodzi, ndipo sensa ndi yomwe ija.

Galimotoyi ndiyo ikudyetsa ana anga, ndipo sindikubisa, ndili ndi mantha. Ngati mwaganiza zondilanda, auzeni a Kenny pobwerera, ndidzapereka makiyi osawiringula. Koma zopepesa chifukwa chowanyamula alamu anga, ayi, sindipepesa. Chikundipweteka n'choti ndakubisirani masabata atatu, mpaka chondiulula kukhala pulagi.

Akazi anga akupereka moni. Linda tikukhala naye kuno ndipo wayambiranso sukulu. Ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni, wangopukusa mutu. Zaka zisanu ndi chimodzi zonsezi kuchokera pomwe munasiyana, ndikakumana ndi a Stelia pamsika ku Ludzi ankati, "Mukamalankhula nawo bambo a Linda, muwapatse moni." Sindinaufikitsepo ngakhale kamodzi, potsata lamulo lanu. Womaliza anandipatsa ali pabedi kuchipatala, kutatsala masiku awiri kuti atisiye. Landirani umenewo.

Ine mng'ono wanu,
Jailosi